Mmene ndinakonzera kamtengo kanga ka L-system

Ndimajambula nthambi za zomera pa kompyuta ndi L-system, njira yosintha zilembo mobwerezabwereza potsata lamulo kenako nkuzijambula, yomwe anayambitsa Aristid Lindenmayer mu 1968. Lamulo la kamtengo kanga nlakuti pa sitepe iliyonse F aliyense amasanduka F[+F]F[-F]F. F ndi kachidutswa ka mzere, + ndi - ndi kukhota madigiri 25.7 uku kapena uku, zomwe zili mu [ ] ndiye nthambi. Vuto linali loti ndikafika sitepe 10 pulogalamu imangoti zii, komanso mtengowo umatuluka ngati waya, thunthu ndi tinthambi kunenepa chimodzimodzi.

Za kuimako ndi masamu basi, F mmodzi amabereka ma F 5 ndiye pa sitepe 10 akwana 9,765,625, pomwe kutalika kwa kachidutswa kalikonse kumagawidwa ndi 3 sitepe iliyonse, ndiye ngati sikirini ndi ya mapikiselo 1,000 ukadutsa sitepe 6 ukujambula zinthu zoti diso silingaone nkomwe. Ndinasiya kusunga chingwe chonse cha zilembo, pano fankishoni, kagawo ka pulogalamu kojambula F, imadziitana yokha nkusiya kachidutswa kakachepa kuposa pikiselo imodzi.

Kunenepako ndiye kunandisangalatsa. Leonardo da Vinci anaona kuti ukadula nthambi zonse pa msinkhu umodzi, malo odulidwawo ukawaphatikiza amafanana ndi a thunthu. Ndiye ndimawerenga nsonga zomwe nthambi yasenza, nkutenga sikweya ruti yake, kunenepa kwake nkomweko. Nthambi ikagawikana pawiri mofanana iliyonse imatenga pafupifupi 0.71 ya kunenepa kwa mayi wake, osati theka ayi, theka imaoneka yonyentchera.

Ndinaikanso kamwayi pang'ono pa kakhotedwe, madigiri 5 uku kapena uku, kuti nthambi zisamafanane zonse. Ukapyola 10 zimayamba kupiringizana.