Momwe mwini loji angapezere ndemanga pa intaneti chaka chonse

Mlendo wofuna kukagona ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay amayamba watsegula foni, ndipo asanawerenge chilichonse maso ake amagwera pa nyenyezi (malikisi amene alendo amapatsa loji pa intaneti) ndi pa tsiku limene ndemanga yomaliza inalembedwa. Loji ya ndemanga zambirimbiri koma zonse za chaka chatha imam'kayikitsa ngati ikugwirabe ntchito, pamene ya ndemanga zochepa, zina za mwezi uno, imamupatsa mtima wosungitsa chipinda. Makampani a pa intaneti amene amaonetsa malo ogona nawo amayang'ana zomwezo. Tripadvisor imasanja malo poona ubwino wa ndemanga, kuchuluka kwake ndi utsopano wake, Booking.com siisunga ndemanga zopitirira miyezi 36, ndipo Google imanena poyera kuti chiwerengero cha ndemanga ndi nyenyezi zimathandiza kuti bizinesi ionekere pa Google Maps.

Choncho ntchito yanu ndi yoti ndemanga zizibwera pang'onopang'ono koma osaleka. Pemphani mlendo aliyense pa nthawi yobweza kiyi, akadali kukumbukira chambo chimene anadya madzulo, ndipo ikani QR code (kachizindikiro kojambula ndi foni kotsegula tsamba lolembapo ndemanga) pa kauntala kuti asavutike kufufuza dzina la malo anu. Wonena kuti alemba akafika kwawo mutumizireni uthenga umodzi wokha pa WhatsApp pakapita masiku awiri.

Nyengo yovuta ndi ya dzinja, makamaka Januwale ndi Febuluwale, pamene alendo akunja amachepa. Apa ndi pofunika kukumbukira Amalawi obwera kumapeto kwa sabata, a maukwati ndi a misonkhano, amene eni malo ambiri sawapempha n'komwe, ngati kuti ndemanga yolembedwa m'Chichewa ilibe nyenyezi.

Musatume achibale kulemba ndemanga makumi awiri m'sabata imodzi, ndiponso musalonjeze chakumwa chaulere posinthana ndi nyenyezi 5, chifukwa malamulo a Google amaletsa zonsezi ndipo ndemanga zotere zimatha kufufutidwa.

Mwezi ukatha, werengani ndemanga zatsopano zonse pamodzi. Munthu mmodzi wodandaula za madzi ozizira mwina anadzuka ndi zake, koma akafika atatu ndiye kuti giza yafa. Ikonzeni kaye, kenako muyankhe aliyense mwaulemu, mopanda kudziikira kumbuyo, ndi kutchula tsiku limene madzi otentha anabwerera, pakuti yankholo adzaliwerenga ndi mlendo amene sanafikebe.