Kuyika kamera yoona nkhope pageti kuti anthu asamabwerekane khadi lolowera

Aliyense wogulitsa khadi lolowera la mwezi wathunthu amalidziwa vutoli. Walipira ndi mmodzi koma olowa ndi atatu: mwini khadi m'mawa, mng'ono wake masana, mlamu madzulo. Zingachitike padziwe losambira mumzinda wa Tete, m'nyumba yolimbitsira thupi, pabasi ya ogwira ntchito ku Moatize, ngakhale pakantini ya kampani. Amene akhala akulimbana nalo kwa nthawi yaitali ndi eni mapiri a masewera otsetsereka pa chipale chofewa ku Ulaya, ndipo njira yawo tikhoza kutengerako, bola tiisinthe kuti igwirizane ndi dzuwa, fumbi ndi nkhope za kuno.

Ku mapiri a Alps, wosewera amamanga matabwa awiri aatali kumapazi n'kutsetsereka kuchokera pamwamba. Kuti akwerenso amakhala pampando wopachikidwa pa chingwe chachitsulo, ndipo chimene amalipira ndi kukwerako. M'khadi lake muli kachipangizo ka RFID, kowerengeka ndi mafunde a wailesi popanda kukakhudza, choncho salitulutsa m'thumba la jekete, geti limaliwerenga lokha. Mageti ambiri otere amapangidwa ndi makampani awiri a ku Austria, SKIDATA, yomwe inayamba mu 1977, ndi Axess, onse a kufupi ndi Salzburg. Popeza khadi silidziwa amene walinyamula, anawonjezera kamera. Munthu akadutsa koyamba amajambulidwa, chithunzicho n'kumangiriridwa ku nambala ya khadi. Akamadutsanso, kamera imajambula china, ndipo zithunzi ziwirizo zimaonekera pamodzi pa sikirini ya wogwira ntchito. M'malo ambiri ku Austria njirayi amaitcha Photocompare. Kwina pulogalamu ndiyo imayamba kuyerekezera n'kusonyeza zokayikitsa zokha, popeza nkhope za osewera zimabisika ndi zipewa, magalasi aakulu ndi nsalu zotchinga kuzizira.

Chofunika kugwira pamenepa n'chakuti kamera imafananitsa nkhope ndi chithunzi chimodzi chokha, cha mwini khadi, ndipo wopereka chigamulo ndi munthu. Pogula makina, funsani ngati amagwira ntchito motere, zimene ogulitsa amalemba kuti 1:1. Njira inayo, ya 1:N, imasaka nkhope pakati pa anthu onse olembetsedwa popanda khadi, ndipo anthu akamachuluka mwayi wosokoneza wina ndi mnzake umakulanso. Pantchito yoletsa kubwerekana, 1:1 ndi yokwanira.

Zofunika kugula si zambiri: chowerengera makhadi, makina okhala ndi kamera ndi sikirini, geti lozungulira kapena loko wamagetsi, kompyuta yosungira mayina, ndi UPS (batire loyendetsa makina magetsi akazima) kapena batire la solala. Pa kamera yang'anani zinthu zinayi. Ikhale ndi WDR, kuti ione nkhope ngakhale kumbuyo kukuwala. Ikhale ndi maso awiri, lina la infrared (kuwala kosaoneka ndi maso a munthu), kuti izindikire ngati wina waiwonetsa chithunzi cha pafoni m'malo mwa nkhope yeniyeni. Ikhale ya IP65 kapena IP66, kutanthauza kuti fumbi sililowa ndipo mvula siiwononga. Ndipo werengani kutentha kumene imapirira, chifukwa mu Okutobala ndi Novembala mumzinda wa Tete masiku ena kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo bokosi lakuda lokhala padzuwa limatentha kuposa pamenepo. Sankhani makina oyerekezera nkhope mkati mwawo momwemo, osati odalira intaneti, kuti netiweki ikathawa geti lisaime.

Chithunzi cholembetsera ndicho chimawononga ntchito kawirikawiri. Musalandire chotumizidwa pa WhatsApp kapena chojambula pa BI (chiphaso cha unzika) yakale, chifukwa chimakhala chochepetsedwa ndi chosawoneka bwino. Jambulani nokha, munthu atayima mita imodzi kutsogolo kwa khoma lotuwa, atayang'ana kamera molunjika, atavula chipewa ndi magalasi akuda. Duku lingakhale, bola mphumi, nsidze ndi chibwano zioneke. Khoma loyera mbee n'loipa: kamera imadzichepetsera kuwala chifukwa cha khomalo, nkhope n'kutsala mthunzi wokhawokha wopanda mphuno ndi masaya. Kuwala kuchokere kutsogolo, mbali zonse ziwiri mofanana. Pachithunzipo, pakati pa diso ndi diso pakhale mapikiseli (timadontho topanga chithunzi) osachepera 90.

Pageti, pachikani kamera pafupifupi mita 1.5 kuchokera pansi, ndipo jambulani mzere pansi pamene munthu aziyima, pakati pa theka la mita ndi mita imodzi. Ikakwera kwambiri imaona liwombo m'malo mwa maso. Isapenye kum'mawa kapena kumadzulo, chifukwa dzuwa likakhala kumbuyo kwa wolowa, m'mawa wonse kapena madzulo onse makina azikana anthu abwinobwino. Mangani kadenga ka malata, ndipo muyike babu la LED loyang'ana nkhope, osati loyang'ana kamera. Ku Ulaya amavutika ndi kunyezimira kwa chipale. Ife tivutika ndi fumbi la chilimwe ndi la malasha, ndiponso nkhungu ya mu Juni ndi Julayi kumapiri a Angónia ndi Tsangano imene imachita nthunzi pagalasi la kamera. Pukutani galasilo tsiku lililonse ndi kansalu kofewa kopukutira magalasi a maso. Nsonga ya malaya imalikanda, ndipo galasi lokandika limasokoneza kuwala kwa infrared usiku.

Tsopano pofika pa nkhani imene ogulitsa sakonda kuitchula. Makina sanena kuti "ndi yemweyu" kapena "si iyeyu". Amapereka nambala yosonyeza kufanana kwa nkhope ziwirizo, ndipo inu ndi amene mumayika mlingo umene geti lizitsegukira. Mukaukweza, makina amakana eni makhadi enieni. Mukautsitsa, obwereka amadutsa. Mlingo umene makina amabwera nawo sunayesedwe pa anthu anu. Mu Disembala 2019 bungwe la boma la America la NIST linatulutsa zotsatira za mapulogalamu 189 oyerekezera nkhope, ndipo linapeza kuti ambiri amalakwitsa kwambiri pa nkhope za anthu a kumadzulo ndi kum'mawa kwa Africa, n'kumatenga anthu awiri osiyana ngati munthu mmodzi, ena mowirikiza ka 10 mpaka ka 100 poyerekeza ndi nkhope za azungu. Cholakwa chimenechi n'chomwecho chimene chimalowetsa wobwereka khadi, makamaka poti wobwereka amakhala m'bale wofanana naye kale.

Choncho musanatsegule, yesani makina ndi anthu a kwanuko. Pezani ofuna kuthandiza 30 kapena 40, amuna ndi akazi, achikulire ndi achinyamata, ndipo pakhale magulu angapo a pachibale. Aliyense adutse ndi khadi lake m'mawa, masana ndi usiku, mulembe nambala imene makina apereka. Kenako asinthane makhadi, mkulu atenge la mng'ono, mayi atenge la mwana wake wamkazi, mulembenso. Mlingo wanu ukhale pakati pa magulu awiri a manambalawa. Ngati manambala a eni ndi a obwereka akulowana kwambiri, yambani mwakonza kuwala ndi zithunzi. Zikapanda kusintha, makinawo si oyenera kuno, abwezeni. N'chifukwa chake ndi bwino kugwirizana ndi wogulitsa za masiku oyeserera musanamalize kulipira. Mapasa ofanana okha musavutike nawo, makina a mtundu uwu sawasiyanitsa modalirika.

Werengeraninso za okanidwa molakwika. Tinene kuti pageti padutsa anthu 600 patsiku ndipo makina akukana awiri mwa 100 alionse: ndiye kuti anthu 12 osalakwa aimitsidwa tsiku lililonse. Pamafunika mlonda wophunzitsidwa, wokhala ndi tabuleti yosonyeza zithunzi ziwiri zija. Asakuwe pamzere. Anene kuti, "Pepani mayi, makina sanakuoneni bwino, tiyeni pambali pano tione limodzi." Ayang'ane makutu, mpata wa maso ndi zipsera, osati tsitsi kapena ndevu zimene zimasintha. Akakayikabe apemphe BI. Kuchititsa manyazi munthu amene analipira n'kutaya kasitomala pamodzi ndi abale ake onse.

Ikaninso m'makina lamulo loletsa khadi limodzi kulowa kawiri motsatizana. Munthu amalowa, n'kuponyera mnzake khadi pamwamba pa mpanda. Mukayika kuti khadi lisagwirenso mpaka patapita mphindi 15, kapena mpaka mwini wake atulukire pageti, chinyengo chimenechi chimatha popanda ndi kamera yomwe. Khadi likakana kuwerengeka, kawirikawiri ndi chifukwa choti lagundana ndi khadi la kubanki, foni kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya.

Nkhope si nambala yachinsinsi imene munthu angaisinthe ikabedwa, ndiye isungeni mosamala. Ku Ulaya lamulo la GDPR, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, limayika deta ya nkhope m'gulu lotetezedwa mwapadera, ndipo m'malo ambiri osewerera ku Austria munthu angagule khadi losajambulitsa n'kumafufuzidwa ndi mlonda. Kuno, ndime 71 ya Malamulo Aakulu a dziko la Mozambique imateteza nzika pa zimene zimasungidwa pakompyuta zokhudza moyo wawo. Lembani chikwangwani pageti m'Chipwitikizi ndi m'Chichewa chonena kuti pali kamera, chifukwa chake, ndi nthawi imene zithunzi zimasungidwa. Aliyense asayine chilolezo polembetsa, ndipo mwana amusayinire kholo. Wokana mumupatse khadi lokhala ndi chithunzi chosindikiza. Zithunzi za pageti zizifufutika zokha tsiku lomwelo kupatula zimene pali mlandu, ndipo cholembetsera chifufutidwe khadi likatha ntchito. Sinthani pasiwedi imene makina anabwera nayo, ndipo mlonda asamajambule sikirini ndi foni yake.

Ana ajambuleninso chaka chilichonse chifukwa nkhope zawo zimasintha msanga, akuluakulu pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Sabata iliyonse yang'anani mndandanda wa okanidwa. Akachuluka pa ola limodzi, vuto ndi dzuwa kapena babu lopsa. Akakhala munthu mmodzi yemweyo, mujambuleninso. Mukaona kuti ogwidwa ambiri ndi a banja limodzi, yambitsani khadi la banja lolembetsa nkhope zitatu kapena zinayi pamtengo wotsikirako, lolipirika pa M-Pesa kapena e-Mola, ndipo makina aziyerekezera wolowa ndi nkhope zimenezo zokha.