Mwana akamaikidwa magazi pafupipafupi, pemphani kuti amuyeze sickle cell

Makolo, m'midzi mwathu muli ana amene sachoka kuchipatala. Mwezi uno malungo, magazi achepa, amuika ena; mvula isanathe wabwereranso. Ena mwa ana oterewa ali ndi matenda a magazi otchedwa sickle cell, koma palibe anawayezapo.

Matendawa ndi akumtundu, ndipo mwana amawatenga kwa bambo ndi mayi onse awiri. Kholo likhoza kukhala nako kambewu ka matendawa osadwala n'komwe. Onse awiri akakhala nako, pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe akudwala. Ndiye zoloza chala mayi, kapena kunamizira agogo ufiti, zisiyeni. Zathetsa mabanja popanda chifukwa.

Zizindikiro zimayamba mwana akamakwanitsa miyezi 6. Yang'anani manja ndi mapazi: tizala timatupa, timatentha, ndipo mukangotikhudza mwana amalira kosatonthozeka. Maso amachita chikasu, m'zikhatho mumayera. Magaziwo amachepa chifukwa maselo ofiira a munthu wabwinobwino amakhala masiku pafupifupi 120, pomwe a mwana ameneyu amafa pamasiku 10 mpaka 20.

Kuyezako kumavuta kwa ife akumudzi, popeza chithandizo chambiri chili kuzipatala zikuluzikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Koma ku Neno anasonyeza kuti chipatala cha boma laling'ono chingathe kusamalira odwala otere kudzera mu ndondomeko ya PEN-Plus, yofikitsa chithandizo cha matenda aakulu osapatsirana kuzipatala za m'maboma. Yambirani pafupi. Kusikelo ya ana, uzani mlangizi wa zaumoyo zomwe mwaona, ndipo pemphani kalata yopitira kuchipatala cha boma. Buku la kuchipatala musataye, ngakhale litang'ambika. Madeti amene mwana anaikidwa magazi ndi amene amatsegula dokotala m'maso. Mmodzi akapezeka nawo, tengani abale ake obadwa nawo akayezedwenso.

Mwanayo agone m'masikito tsiku lililonse, amwe madzi ambiri, afunde bwino m'nyengo yozizira ya June ndi July, ndipo katemera alandire yense. Mankhwala monga folic acid, penicillin ndi hydroxyurea amwe monga adokotala anenera. Thupi likangotentha, musadikire kuti kuche. Pezani njinga, mupite naye kuchipatala usiku womwewo.

Mafumu ndi makomiti a zaumoyo, nkhani yoyeza magazi a ana ikhale pa ajenda yanu mukamakumana ndi akuluakulu a chipatala.