Gwirani chitsulo cha m'basi, koma samalani manjawo

Pali anthu amene akangomva kuti m'basi muli tizilombo tosamva mankhwala, amayamba kuimirira manja ali m'thumba, basi ili pa liwiro. Musatero. Dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi muvulala pompo, pamene tizilombo ta pachitsulo sitingakuchiteni kanthu ngati sitinapeze polowera. Ine ndimakwera basi tsiku ndi tsiku ndipo ndimagwira zolimba. Chimene ndimayang'anitsitsa ndi kumene dzanjalo lipite likachoka pachitsulopo.

Tizilomboto tilipodi. Mumzinda wa Porto ku Portugal, ofufuza anapukuta zogwirira za m'mabasi n'kukapima zimene anatolapo, ndipo mu 2011 analengeza kuti anapeza MRSA m'basi imodzi mwa zinayi zilizonse. Ku Lisbon, mu 2013, inali pafupifupi imodzi mwa zitatu. MRSA ndi mtundu wa bakiteriya wotchedwa Staphylococcus aureus umene sumva mankhwala monga methicillin, penicillin, amoxicillin ndi ena a m'banja lomwelo, ndipo unadziwika koyamba ku Britain mu 1961. Munthu mmodzi mwa atatu amayenda ndi Staphylococcus m'mphuno osadwala n'komwe, ndipo ochepa mwa iwo amakhala ndi mtundu wosamva mankhwalawo. Akatokosa mphuno n'kugwira chitseko, wasiyapo tizilombo. Pamalo pouma tizilomboti timatha kukhala moyo masabata angapo. Tina, monga E. coli, timachokera m'matumbo ndipo timafika pampando kudzera m'manja mwa munthu amene wachoka kuchimbudzi osasamba.

Koma mvetsani ichi, chifukwa zonse zotsatirazi zagona pamenepa. Mankhwala amene tizilomboti sitimva ndi maantibayotiki, mapiritsi ndi majakisoni a kuchipatala aja. Sopo timamumva. Sanitayiza timamumvanso, klorini chimodzimodzi. MRSA wovutitsa madokotala akalowa m'magazi amachoka m'manja mosavuta ngati tizilombo tina tonse. Choncho ntchito ndi kumuchotsa akadali pakhungu.

Yambani musanatuluke m'nyumba. Yang'anani manja anu pamalo powala: podzicheka, pamene khungu lasenduka m'mbali mwa chikhadabo, chiphuphu chimene munakanda usiku. Khungu lathunthu limatchinga bwino kwambiri, ndipo tizilombo timalowera pa ming'alu yotereyi. Tsukani pamenepo, pukutani, matanipo pulasitala. Ngati muli ndi chilonda chotuluka mafinya pamkono kapena pamwendo, chimangeni ndi bandeji chisakhudze mpando, chifukwa pamenepo amene mukumuteteza ndi mnzanu wodzakhalapo inu mukatsika.

Muli m'kati, chovuta ndi nkhope. Dzanja limapita lokha kumaso, kumphuno, kumilomo, mwini osadziwa. Njira imene imandithandiza ndi kugawa ntchito: dzanja limodzi ndi lachitsulo, chitseko ndi ndalama, linalo ndi lafoni ndi nkhope. Poyamba mumasokoneza, kenako thupi limazolowera. Mukafuna kudya paulendo wautali, pakani kaye sanitayiza. Mwana wamng'ono mumuyang'anire mwapadera, poti iye amaluma ndi kunyambita msana wa mpando wakutsogolo. Mupatseni chake chogwira chochokera kunyumba. Magolovesi sindikuwalimbikitsa. Amatola zonse zimene dzanja likanatola, ndipo wowavalayo amadzimva wotetezeka n'kumatikita nawo maso.

Mukatsika, sambani m'manja musanagwire china chilichonse cha m'nyumba kapena cha kuntchito. Masekondi 20 ndi sopo ndi madzi oyenda. Anthu ambiri amapaka zikhatho zokha n'kutsukuluza, koma chitsulo chimagwidwa ndi zala. Tikitani chala chachikulu pachokha, pitani pakati pa zala, kandani nsonga zake pachikhatho kuti sopo alowe kunsi kwa zikhadabo. Kenako umitsani ndi nsalu yoyera, chifukwa manja onyowa amatola ndi kusiya tizilombo mosavuta kuposa ouma. Pamene palibe madzi, sanitayiza akhale wa alcohol wosachepera 60 peresenti, werengani pabotolo. Thirani wokwanira kunyowetsa manja onse ndipo tikitani mpaka aume okha. Pamanja amafuta kapena adothi sagwira bwino ntchito. Foni nayonso ipukuteni madzulo, apo ayi idzakubwezerani zomwe mwasamba zija.

Amene mukupita kukaona odwala, sambani musanalowe m'wodi, ndipo sambaninso musanakwere basi yobwerera. Mitundu ya MRSA imene inapezeka m'mabasi a ku Portugal aja inali yofanana ndi yomwe imazungulira m'zipatala za kumeneko. Kumbukiraninso kuti wodwala amene wangochitidwa opaleshoni, khanda, munthu wa shuga ndi amene chitetezo cha m'thupi chatsika ndiwo amadwala kwambiri ndi tizilombo timene inu mwanyamula osamva kanthu.

Tsopano kwa inu madalaivala, makondakitala ndi otsuka galimoto. Nthawi zambiri ndimaona basi yowala kunja, matayala ochapidwa bwino, pansi posesedwa, koma chitsulo chogwirira chili nyatanyata ndi thukuta la anthu. Palibe amene amadwala chifukwa cha tayala. Yambirani pamene manja amafika: zitsulo, zogwirira chitseko m'kati ndi kunja, pamwamba pa misana ya mipando, zomangira malamba, zotsegulira mazenera, mabatani, chiwongolero ndi giya.

Tsukani kaye ndi madzi a sopo, chifukwa litsiro limafooketsa klorini. Mukatero pukutani ndi madzi a klorini a 0.1 peresenti. Ngati pabotolo palembedwa 5 peresenti, sakanizani muyezo umodzi ndi miyezo 49 ya madzi. Pamalopo pakhale ponyowa kwa mphindi imodzi kapena kupitirira. Kupaka n'kupukuta nthawi yomweyo n'kutaya mankhwala. Pazitsulo bwerezani ndi nsalu ya madzi okha kuti zisachite dzimbiri. Yambirani m'mwamba kutsikira pansi, ndipo nsalu ya pansi isakwerenso kuchitsulo. Madziwo sakanizani atsopano tsiku lililonse, mazenera akhale otsegula, ndipo musasakanize klorini ndi mankhwala ena otsukira, chifukwa pamatuluka mpweya wopweteka mapapo. Kupopera m'mwamba kuti m'galimoto mununkhire sikuchotsa zimene zamata pachitsulo. Mpando wong'ambika, siponji ili poyera, sungatsukike. Umamwa thukuta ndi zonse zotayikirapo. Ukuteni ndi chikuto chopukutika.

Ndiye kwa inu nonse, mukadzuka ndi chithupsa chofiira, chotentha, chopweteka, chimene mwina chadza ndi tizilomboti, musachifinye ndi zala. Chiphimbeni, thaulo ndi lumo musabwerekane ndi wina. Musamwenso makapisozi otsala a m'nyumba kapena opatsidwa ndi mnzanu. Kumwa maantibayotiki mwachisawawa, ngakhale pa chimfine chimene sichiwafuna, ndiko kumalimbitsa tizilomboti, ndipo kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet anapeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala. Pitani kuchipatala, makamaka ngati kufiirako kukufalikira, thupi latentha, kapena chithupsacho chili kumaso. Nthawi zambiri chofunika kwambiri ndi kuti achipatala achiboole mwaukhondo, mafinya atuluke. Akakupatsani mankhwala, imwani monga mwauzidwira. Pakapita masiku awiri kapena atatu osasintha, bwererani mukafunse ngati angatenge mafinyawo kukawapima ku labotale, kuti adziwe mankhwala amene tizilomboto tikumva.