Kalembedwe ka chikalata chovomereza kuopsa kwa maphunziro a njinga yamoto

Ndimaphunzitsa anthu kuyendetsa njinga yamoto, ndipo palibe amagwira mahandulo asanasaine chikalata chosonyeza kuti akudziwa kuopsa kwake. Ngati nanunso mumaphunzitsa, chilembeni chonchi.

Pamwamba ikani tsiku, dzina la wophunzira, nambala ya chiphaso chake komanso ya laisensi yophunzirira. Amene alibe laisensiyo asatuluke pabwalo kupita pamsewu, ngakhale achonderere bwanji.

Kenako tchulani ngozizo mosapita m'mbali. Mawu oti "ngozi ikhoza kuchitika" ndi osakwanira. Lembani kuti akhoza kugwa atasiya klatchi mwadzidzidzi, kupsa mwendo ndi paipi ya utsi, kuthyoka mkono atafinya buleki yakutsogolo pokhota, ngakhale kufa kumene. Ine ndimawerenga ndimeyi mokweza, wophunzira akulondola mzere ndi chala, chifukwa ambiri amangofuna kuona posaina basi.

Pansi pake alonjeze kuvala helemeti yomanga lamba pachibwano, magolovesi ndi nsapato zophimba akakolo, ndiponso kusabwera atamwa mowa. Aulule ngati ali ndi khunyu kapena vuto la maso. Ngati ndi mwana, asaine ndi kholo. Pakhale mboni, ndipo aliyense atenge kope lake.

Koma dziwani kuti chikalatachi sichikutetezani pa kusasamala kwanu. Mukamukweza munthu pa njinga ya mabuleki akutha, makhoti ambiri sachilabadira. Choncho khalani ndi inshuwalansi, ndipo loya wodziwa malamulo a dziko lanu achiwerenge musanayambe kusainitsa anthu.