Momwe mungadziwire ngati hybrid yanu ikumwadi mafuta, komanso poyambira kufufuza vuto

Anthu ambiri kuno ku Mangochi amagula Aqua, Prius, Axio kapena Fit ya hybrid (yoyendera petulo ndi magetsi a batire) atamva kuti galimoto zimenezi zimangonunkhiza mafuta, ndiye pakangopita miyezi ingapo mumva akudandaula kuti yanga ija ikumwa ngati ya petulo wamba, ndipo makaniko woyamba kumupeza amangoti batire yatha bwana. Batire ya hybrid ndi ndalama zambiri abale, musathamangire kumeneko musanayeze nokha.

Choyamba, iwalani manambala a ku Japan. Aqua itatuluka mu 2011 a Toyota ankati imayenda makilomita 35.4 pa lita, Fit ya GP5 ya 2013 a Honda ankati 36.4, koma amenewo ndi manambala a mayeso otchedwa JC08, galimoto ili pa makina m'nyumba, AC yozimitsa, kulibe mahampu, kulibe dzuwa la Okutobala la kunyanja kuno. Kuwonjezera apo petulo wathu amasakaniza ndi ethanol, yemwe mphamvu yake pa lita ndi yochepa poyerekeza ndi petulo weniweni. Galimoto yazaka 10 ikalephera kufika pamenepo sikuti yafa ayi.

Chachiwiri, yezani ndi thanki, osati ndi dashibodi, chifukwa nambala ya pa dashibodi nthawi zambiri imakometsera. Thirani full tank mpaka pampu idule yokha, musalole kuti azigwedeza galimoto nkumawonjezera mpaka pakamwa. Ikani trip meter pa 0. Yendani monga mwa masiku onse, makilomita 300 kapena kupitirira, kenako mubwerere pa filling yomweyo, pampu yomweyo ngati nkotheka, muthirenso mpaka idule. Makilomita mwayenda aja muwagawe ndi malita amene alowa kachiwiriwa. Mwachitsanzo makilomita 320 ndi malita 16 ndiye kuti 20 pa lita. Chitani kawiri kapena katatu, kamodzi sikokwanira. Ndikudziwa kuti nthawi imene mafuta akusowa full tank ndi yovuta, koma mukathira a m'zigubu kuyeza konse kwasokonekera, malita ake simuwadziwa bwinobwino ndipo ena amathiramo parafini.

Chachitatu, mukamafananiza ndi ya mnzanu, fananizani msewu umodzi. Wina amayenda Mangochi ndi Liwonde pa M3 pomwe ndi pachidikha, wina amakwera mapiri a ku Chowe kupita ku Namwera atanyamula anthu asanu ndi matumba, wina amangozungulira pa boma, kunyumba, kumsika, kusukulu ya ana, injini isanatenthe wazimitsa kale. Anthu atatu amenewa manambala awo sangafanane ngakhale onse ali ndi Aqua. Maulendo afupiafupi ndi amene amadya kwambiri, poti hybrid ikangoyaka imayendetsa injini kuti itenthe kaye. Fananizaninso mtundu. Fit ya GP1 kompuresa yake ya AC imayendera lamba wa injini, pomwe ya Aqua ndi Prius 30 ndi yamagetsi, ndiye mukayima AC ili on sizichita mofanana.

Mukaona kuti nambala yatsikadi kusiyana ndi kale pa msewu womwewo, yambani ndi zotchipa. Mphepo ya matayala muiyeze m'mawa matayala asanatenthe, mulingo wake walembedwa pa kapepala komata pa chitseko cha dalaivala. Air filter muitulutse muione, amene amayenda misewu yafumbi ngati ya ku Makanjira asadikire service. Oyilo: injini za Aqua ndi Prius zimafuna wopyapyala, 0W-20, koma ena amathira 20W-50 ati chifukwa kuno nkotentha, ndipo injini imavutika kupukusa oyilo wolemera chonchi. Funsaninso ngati wina anachotsapo thermostat, kachipangizo kothandiza injini kutentha msanga, khalidwe limeneli ndi lofala m'magalaja mwathu, ndipo pa hybrid limapweteka kwambiri chifukwa kompyuta ikaona kuti injini sinatenthe mokwanira imangoisiya ikulira osaizimitsa. Mabuleki nawo, popeza hybrid imachepetsa liwiro kwambiri ndi mota yamagetsi, ma caliper, zitsulo zopanikiza ma brake pad, amatha kuchita dzimbiri nkumagwira. Mukayenda pang'ono yandikizani dzanja pa rimu iliyonse, imodzi ikamatentha kuposa zinzake vuto lili pamenepo.

Tsopano chimene ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi fani ya batire, ambiri sadziwa nkomwe kuti iliko. Batire yayikulu ija imaziziritsidwa ndi mpweya wa m'kati mwa galimoto momwe mwakhala inumo. Pa Aqua polowera mpweya pali m'munsi mwa mpando wakumbuyo, pa Prius 30 pali m'mbali mwa mpando wakumbuyo. Fumbi, tsitsi, mchenga wa ku Cape Maclear, zonse zimakathera mu fani imeneyo, ndipo ena amatsekapo ndi seat cover kapena chikwama osadziwa. Batire ikatentha kompyuta imachepetsa kuigwiritsa ntchito pofuna kuiteteza, ndiye ntchito yonse imagwera injini, mafuta nkumapita. Mukamva fani ikulira kwambiri kumbuyo ndi chizindikiro chimenecho. Itsukitseni, ntchito yake si yodula, ndipo kutentha kwa kuno ine ndimati kamodzi pachaka ndiye kochepetsetsa. Pachifukwa chomwechi kuzimitsa AC masana kuti musunge mafuta si nzeru nthawi zonse, inu mukamatuluka thukuta batire nayonso ikupsa. Ndipo poimika funani mthunzi.

Kayendetsedwe kanu muonenso. Giya ya B ndi yotsikira phiri basi, pachidikha khalani pa D. Mukayima nthawi yaitali, monga pa mzere wa mafuta, ikani P osati N, pa N batire sitchaja. Liwiro lopitirira 100 limamaliza mafuta pa hybrid ngati pa galimoto ina iliyonse, ndipo kuponda buleki mwadzidzidzi pa hampu iliyonse kumataya magetsi amene akanabwerera mu batire mukanayamba kuchepetsa muli patali.

Zonsezi zikakhala bwino ndiye muyang'ane batire. Zizindikiro zake: timizere ta batire pa dashibodi tikudzaza msanga nkutsikanso msanga, injini sikuzima ngakhale mwayima. Gulani ka OBD2 ka Bluetooth, kachipangizo kolumikiza pa galimoto kuti kawerenge kompyuta yake, muike app ngati Dr. Prius pa foni, muone mavoti (volts) a block iliyonse, kutanthauza chigawo chilichonse cha batire, imodzi ikamatsalira kwambiri anzake ndiye yofooka imeneyo. Khodi ya P0A80 ndi imene imanena za batire pa Toyota, makaniko akuonetseni pa makina ake musanalipire kalikonse. Ngati ndi Prius 30 auzeni ayang'anenso EGR, njira yobwezera utsi wina mu injini, imakonda kutsekeka ndi mwaye. Mawaya a orenji, amene amanyamula magetsi a batire yayikulu, musawagwire nokha, batire ya Aqua ili ndi mavoti 144, ya Prius 30 opitirira 200, ntchito imeneyo ndi ya munthu amene anaiphunzira ndipo ali ndi magolovesi ake.