Momwe mungaphikire stollen, buledi wa Khirisimasi wa ku Germany

Kumayiko ozizira mtundu uliwonse uli ndi chotsekemera chake cha Khirisimasi. Ku Milan amadya panettone, ku Spain kuli turrón, Angerezi nawo ali ndi pudingi yawo yakuda bii ija. Ine chimene chinandikola mtima ndi stollen ya ku Dresden, mzinda wa ku Germany, ndipo ndimaiphika chaka chilichonse kuyambira pomwe mayi wina wachijeremani, amene ndinkagwira naye ntchito pachipatala china cha mishoni, anandilawitsa kachidutswa pa nthawi ya tiyi. Ndi buledi wolemera, wodzaza mphesa zouma ndi batala, kunja kwake kuli mbee ndi shuga. Eni ake amati maonekedwe akewo amaimira khanda Yesu atakulungidwa m'nsalu.

Musadikire pa 24 Disembala. Stollen siidyedwa tsiku lomwe yaphikidwa, imafuna igone masabata 2 kapena 3 kuti ikome. Ndiye muyambe Novembala akamatha.

Zofunika pa stollen imodzi yaikulu:

Fulawa wa buledi magalamu 500
Batala magalamu 250, ndi wina magalamu 100 wopaka pomaliza
Mkaka mamililita 150
Yisiti youma magalamu 15, ndiye kuti paketi imodzi ndi theka ya timapaketi ta magalamu 10
Shuga magalamu 70
Mphesa zouma magalamu 325
Makoko a malalanje ndi mandimu ophikidwa m'shuga magalamu 100
Maalimondi magalamu 75
Mchere, sinamoni, nutmeg ndi cardamom pang'onopang'ono
Shuga wa ayisingi

Miyezo imeneyi sindinaiganize ndekha. Ku Dresden kuli lamulo lakuti buledi wotchedwa dzina la mzindawo akhale ndi batala wosachepera theka la kulemera kwa fulawa, ndipo majarini saloledwa m'pang'ono pomwe. Nkhani ya batalayi inafika mpaka kwa Papa. Kale nyengo ya Adiventi inali yosala, batala anali woletsedwa, ndiye stollen inkaphikidwa ndi fulawa, madzi, yisiti ndi mafuta basi. Akalonga a ku Saxony, chigawo chimene kuli Dresden, anadandaula ku Rome, ndipo mu 1491 Papa Innocent VIII anawalembera kalata yowalola, koma anthu ena ofuna batala ankayenera kupereka kangachepe kothandizira kumanga tchalitchi cha ku Freiberg. Ndikaima m'shopu n'kuona mtengo wa batala, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndimamva ngati nanenso ndikusonkha za tchalitchi. Komabe gulani batala weniweni. Ndinayesapo theka batala theka majarini, inadyeka, koma fungo lija linasowa. Ndipo chenjerani ndi aja ogulitsa zigawo zokulunga m'pepala lopanda dzina akuti ndi batala wa kufamu. Mukasungunula pang'ono m'supuni mukaona madzi ambiri pansi, mwagula zosakaniza.

Maalimondi akadula, ikani makademiya. Amalimidwa konkuno ku Thyolo ndi madera ena, ndipo amalowa bwino kuposa mtedza, umene fungo lake limaphimba zina zonse.

Choyamba: zipatso, usiku woti mawa muphika

Tsukani mphesa zouma, muchotse timitengo ndi timiyala, muziike m'mbale n'kuthiramo ramu kapena burande masupuni 5 aakulu. Amene samwa athire madzi a malalanje kapena tiyi wakuda wamphamvu, kungoti stollen yotero siikhalitsa. Kachasu ayi, chonde. Vundikirani zigone.

Makoko ophika kale ndi osowa m'mashopu ambiri, choncho ndimapanga ndekha. Duladulani makoko a malalanje 2 ndi mandimu 2 tizidutswa tating'ono, muwiritse katatu mukutaya madzi kuti kuwawa kuchoke, kenako muphike m'kapu imodzi ya shuga ndi kapu imodzi ya madzi mpaka awale ngati galasi. Yanikani pasefa.

Chachiwiri: yisiti

Apa ndiye khalani pansi mumve, chifukwa m'pamene ndinagwa chagada.

Chaka choyamba kuphika ndekha ndinadziona ngati katswiri. Mandasi ndakhala ndikukazinga kuyambira ndili mtsikana, nanga yisiti ingandiphunzitse chiyani? Batala anali gwa kuchokera m'firiji, ine changu chitandigwira, ndinamusungunula pambaula n'kumukhuthulira m'beseni momwe munali fulawa, shuga, yisiti, zonse pamodzi. Ndinakanda, ndinavundikira ndi chitenje, ndinadikira. Ola linatha, kenako maola 3. Mtanda uli phee, osatupa ngakhale pang'ono. Ndinadziuza kuti ukatupira mu uvuni. Chimene chinatuluka chinali cholimba moti mpeni unkaterereka. Apongozi anga anachitembenuza m'manja kawiri n'kufunsa mofatsa kuti, “Mwana wanga, njerwa imeneyi mwaotchera pa uvuni wa ndani? Tikufuna zina za khonde.” Batala yense uja, mphesa zonse zija. Ndinalira kubafa.

Zolakwa zinali zitatu, ndipo ndinazizindikira nditakafotokozera mayi wachijeremani uja. Choyamba, batala wotentha anapha yisiti. Yisiti ndi chamoyo, kutentha kukapitirira madigiri 55 kapena 60 imafa. Chachiwiri, ngakhale batala akanakhala wozizira, mafuta ochuluka chotere akakuta yisiti isanadzuke, siimwa madzi ndipo siigwira ntchito. Mtanda wa mandasi ulibe mafuta ambiri, n'chifukwa chake umakhululuka. Wa stollen sukhululuka. Chachitatu, yisitiyo ndinagula pa kaokala kena, yoyezera m'timapepala ta pulasitiki tomanga mfundo, yotapa m'chipaketi chachikulu chimene sindikudziwa kuti chinatsegulidwa mwezi uti. Gulani ya m'paketi yomata, muwerenge tsiku lothera.

Ndiye chitani chonchi. Tenthetsani mkaka ungofunda, ngati madzi osambitsira khanda. Donthezani pamkono, mukamva kutentha dikirani uzizire. Sungunulanimo yisiti ndi supuni yaing'ono ya shuga, muthiremo fulawa magalamu 150 wotapa pa 500 uja, mutakase chikhale ngati phala lolimba. Musaikemo batala, musaikemo mchere. Vundikirani mphindi 30 mpaka 45. Chizitupa kuwirikiza kawiri, pamwamba pachite timabowo, chizinunkha ngati thobwa logona. Chikapanda kutero, tayani muyambirenso ndi yisiti ina. Mwangoluza kapu ya fulawa ndi mkaka, batala wanu akadali bwinobwino. Kayesedwe kameneka kakanandipulumutsa chaka chija.

Pamene mukudikira, batala akhale panja afewe yekha. Kutentha kwa Novembala kuno sikuchedwa kumufewetsa. Azibonyoka mukamudina ndi chala, koma asasanduke madzi. Eni ake amaphika kunja kukuzizira koopsa, ndiye amasaka malo ofunda oika mtanda. Ife vuto lathu ndi losiyana: mukauika padzuwa kapena pafupi ndi mbaula batala amayenderera n'kutuluka mumtanda. Pakona ya m'nyumba pamthunzi m'pokwanira.

Chachitatu: kukanda

Sakanizani batala wofewa ndi shuga, theka la supuni yaing'ono ya mchere ndi zonunkhiritsa zija. Thiranimo fulawa wotsala ndi phala la yisiti lija, mukande mphindi 10. Poyamba umamata m'manja ndipo mtima umafuna kuwonjezera fulawa. Limbani mtima, umasalala wokha. Usiyeni upume mphindi 30.

Tsanulani madzi otsala ku mphesa, muzipukute pang'ono, kenako muzilowetse mumtanda pamodzi ndi makoko ndi makademiya oduladula. Apa musakande mwamphamvu, ingopindani mpaka zifalikire. Mukazifinya zimaphulika ndipo mtanda umada. Vundikirani ola limodzi. Musayembekezere kuti utupa ngati wa buledi wamba, wanyamula katundu wolemera. Ukakwera pang'ono n'kumaoneka wofewa, zili bwino.

Chachinayi: kuumba ndi kuotcha

Yalani mtanda ukhale wobulungira motalika, wochindikala ngati zala ziwiri. Dinani mzere m'litali ndi mpini wa mthiko, mupinde mbali imodzi igone pamwamba pa inzake koma isafike kumapeto, ngati mwafunditsa mwana. Mphesa zonse zimene zasuzumira kunja zichotseni kapena muzikankhire mkati, chifukwa zimapserera n'kumawawa. Ena amaika marzipan, phala lolimba la maalimondi osinja ndi shuga, pakati. Ya ku Dresden yeniyeni ilibe, ndiye ndalama imeneyo sungani.

Ipume mphindi 20. Uvuni ukhale pa madigiri 180 kwa mphindi 15 zoyamba, kenako tsitsani pa 160 kwa mphindi zina 40 kapena 45. Pamwamba pakayamba kuda msanga phimbani ndi foyilo. Lasani kamtengo pakati, kakatuluka kouma yapsa. Magetsi akakhala osadalirika kwanuko, konzeranitu makala. Mpoto waukulu wa mchenga pansi ndi makala pachivundikiro, monga timachitira ndi chikondamoyo, umagwira ntchito, koma gawani mtanda pawiri ndipo moto wa pansi ukhale wochepa kwambiri. Mu 1730 ophika buledi anamuphikira Augustus the Strong, wolamulira wa ku Saxony, stollen yolemera pafupifupi matani 1.8 ndipo anachita kuimangira uvuni wakewake, ndiye inu musachite manyazi ndi mpoto wanu.

Chachisanu: batala, shuga, kusunga

Ikadali yotentha ibooleni ndi kamtengo malo ambiri, muipake batala wosungunula magalamu 100 aja mbali zonse, pansi pomwe. Wazani shuga wamba. Ikazizira wazani shuga wa ayisingi wambiri mpaka buledi asaoneke. Wa ayisingi akasowa, sinjani shuga wamba mumtondo woyera n'kusefa.

Izizire usiku wonse musanaikulunge. Mukaikulunga yofunda, ndi chinyezi cha mvula ya Disembala, mudzapeza chuku. Kulungani m'pepala lophikira, kenako foyilo, kenako m'chitini chotseka bwino chifukwa cha nyerere. Ku Germany amaisunga m'chipinda chozizira. Kuno ine ndimaiika pansi penipeni m'firiji, ndipo amene alibe firiji asapitirire sabata imodzi. Ana musawauze pomwe mwaika.

Tsiku lodya itulutseni m'mawa, muwazenso shuga. Yambani kudula pakati, osati kumapeto, mutenge zidutswa zimene mukufuna, kenako mugundanitse mbali ziwiri zotsalazo kuti mkati musaume. Ndi tiyi wopanda shuga, chifukwa shuga ali kale pambalepo.